Matenda a Mtima ndi Kusiyana kwa Mitundu ya Anthu

Matenda a mtima ndi a mitsempha ya magazi amapha anthu oposa 18 miliyoni chaka chilichonse, kuposa matenda ena alionse padziko lapansi, koma sagwira mitundu yonse ya anthu mofanana. Mumzinda wa London, momwe anthu amapita ku zipatala zomwezo za boma, mwamuna wochokera ku India kapena ku Pakistan amatsekeka mitsempha ya mtima msanga kuposa mzungu. Mwamuna wochokera ku Jamaica kapena ku Ghana satsekeka mitsempha ya mtima kawirikawiri, koma sitiroko imamugwira kwambiri kuposa mzunguyo. Kusiyana kumeneku kunayezedwa mobwerezabwereza ndipo palibe amene amakukana. Mkangano wa akatswiri, umene watenga zaka zoposa 50, uli pa gwero lake: kodi ndi za kumtundu zimene munthu amabadwa nazo, kapena ndi zakudya, malo okhala, umphawi ndi chisamaliro chimene amalandira akadwala?

Poyamba pafunika kulekanitsa matendawo, chifukwa munthu amene akuti akudwala mtima akhoza kukhala ndi limodzi mwa mavuto angapo osiyana magwero. Pali kutsekeka kwa mitsempha yodyetsa mnofu wa mtima: mafuta amamatirira m'kati mwa mtsempha pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, mpaka tsiku lina magazi amaundana pamalopo, mbali ya mtima n'kufa. Pali kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri amangoti BP, komwe kumakulitsa mtima, kuwononga impso, ndi kuphulitsa kapena kutseka mitsempha ya muubongo n'kubweretsa sitiroko. Pali kufooka kwa mtima, pamene ukulephera kupopa bwino, madzi n'kumadzaza m'mapapo ndi m'miyendo. Palinso kuwonongeka kwa tizitseko ta mumtima, komwe nthawi zambiri kumayamba ndi zilonda zapakhosi za paubwana zimene sizinachizidwe. Gulu la anthu likhoza kukhala ndi odwala ochepa a vuto loyambalo koma ochuluka a lachiwiri, ndipo wowerenga ziwerengero mosalekanitsa amasokera.

Zambiri zimene madokotala amadziwa za zinthu zoika munthu pachiopsezo zinachokera m'tauni yaing'ono ya Framingham, ku Massachusetts m'dziko la America. Kumeneko mu 1948 akatswiri anayamba kutsatira anthu 5,209, kumawayeza zaka ziwiri zilizonse ndi kulemba amene adwala ndi amene amwalira. Apa m'pamene zinaonekera poyera kuti fodya, BP yokwera, kolesitolo wambiri ndi shuga zimatsogolera ku matenda a mtima. Koma anthu a ku Framingham a nthawi imeneyo anali azungu pafupifupi onse. Masamu olosera chiopsezo ochokera kumeneko atayesedwa pa anthu a ku China, anapezeka kuti akulosera odwala ochuluka kwambiri kuposa amene anadwaladi.

Funso loti kodi zoyambitsa zomwezo zimagwira ntchito kulikonse linayankhidwa mu 2004 ndi kafukufuku wa INTERHEART, wotsogoleredwa ndi Salim Yusuf wa ku yunivesite ya McMaster ku Canada. Anayerekeza anthu pafupifupi 15,000 amene anali atangotsekeka kumene mtsempha wa mtima kwa nthawi yoyamba ndi anzawo pafupifupi 15,000 osadwala, m'mayiko 52. Zinthu zisanu ndi zinayi zinafotokoza pafupifupi 90 peresenti ya chiopsezo chonse: fodya, mafuta oipa m'magazi, BP, shuga, kunenepa kwa pamimba, nkhawa ndi kupsinjika maganizo, kusadya zipatso ndi ndiwo zamasamba, kusagwiritsa ntchito thupi, ndi kamwedwe ka mowa. Zinali zomwezo kwa Mtchaina, Mwarabu, Mmwenye, mzungu ndi munthu wakuda. Choncho kusiyana kwa mitundu kwagona pa kuchuluka kwa chinthu chilichonse pakati pa anthuwo, pa msinkhu umene chimayambira, ndi pa mlingo umene chimayamba kuvulaza thupi.

Chitsanzo choonekera kwambiri ndi cha anthu ochokera ku South Asia, kutanthauza India, Pakistan, Bangladesh, Sri Lanka ndi Nepal. Kulikonse kumene anakakhazikika, kaya ku Singapore, Fiji, Trinidad, Uganda, South Africa kapena Britain, madokotala anaona kuti mitsempha ya mtima imawatsekeka kawirikawiri ndiponso akadali achinyamata. Mu INTERHEART, msinkhu wapakati wodwala koyamba unali zaka 53 kwa iwo, pamene kwa anthu a m'mayiko ena unali zaka pafupifupi 59. Chodabwitsa chinali chakuti ambiri a iwo sankasuta, ena sankadya nyama n'komwe, ndipo kolesitolo wawo sanali woposa wa azungu. Paul McKeigue ndi Michael Marmot anayeza anthu masauzande ku Southall, kumadzulo kwa London, ndipo mu 1991 anafalitsa zimene anapeza: anthu 19 pa 100 alionse a ku South Asia anali ndi matenda a shuga, poyerekeza ndi 4 pa 100 mwa azungu. Mafuta awo anali ounjikana pamimba, ndipo matupi awo ankafuna insulini wambiri kuti atsitse shuga m'magazi. Thupi likafika pamenepo, mafuta abwino m'magazi amachepa, oipa ena n'kuchuluka, ndipo mitsempha imayamba kuwonongeka kalekale munthu asanapezeke ndi shuga.

Madokotala awiri anaonetsa nkhaniyi pogwiritsa ntchito matupi awo omwe. Chittaranjan Yajnik wa ku Pune ku India ndi John Yudkin wa ku London anajambulidwa ataima pamodzi, ndipo chithunzicho chinatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2004. Onse awiri anali ndi BMI yofanana ndendende, 22.3, yomwe ndi nambala yopezeka poyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake. Pa sikelo ya kuchipatala onse akanauzidwa kuti ali bwino. Koma atayezedwa ndi makina oona za m'kati, mafuta anali 9 peresenti ya thupi la Yudkin ndi 21 peresenti ya thupi la Yajnik. Yajnik yemweyo anali atapeza kale kuti makanda a m'midzi yozungulira Pune amabadwa olemera pafupifupi makilogalamu 2.7, pamene a ku Southampton ku England amabadwa ndi 3.5, koma kuchepako kumakhala kwa mnofu. Mafuta amakhalapo ndithu. Mayi amene anakula wosadya mokwanira amabereka mwana wa thupi lozolowera kusunga chilichonse chimene lapeza, ndipo mwanayo akakulira m'tauni ya zakudya zokazinga ndi zakumwa zashuga, thupi lomwelo limamuukira. Apa n'kovuta kunena kuti za kumtundu zathera pati ndipo za njala ya makolo zayambira pati. Nkhaniyi ikukhudzanso Malawi mwachindunji, chifukwa kalembera wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, ndipo ena a iwo adzakulira m'matauni.

Zotsatira zake n'zakuti miyezo inasinthidwa. Kwa azungu, BMI ya 25 ndiyo poyambira kunenepa ndipo 30 ndi kunenepa kwambiri. Mu 2004 akatswiri a bungwe la WHO anati kwa anthu a ku Asia madokotala azichitapo kanthu pa 23 ndi 27.5. Ku Britain, bungwe la NICE tsopano limagwiritsa ntchito manambala otsika omwewa kwa anthu ochokera ku South Asia, China, Middle East, Africa ndi ku Caribbean. Tepi yoyezera m'chiuno imanena zoona kuposa sikelo: bungwe loona za matenda a shuga padziko lonse linaika malire a masentimita 94 kwa amuna achizungu, 90 kwa amuna a ku South Asia, ndi 80 kwa akazi.

Kwa anthu akuda, vuto lalikulu ndi BP. Ku America imawayamba msanga, imakwera kwambiri, ndipo imathera m'sitiroko, kufooka kwa mtima ndi kufa kwa impso kuposa mmene zimakhalira kwa azungu. Kwa nthawi yaitali ankangoti ndi chibadwa. Mu 1991 Thomas Wilson ndi Clarence Grim anafika ponena kuti akapolo amene anapulumuka ulendo wa panyanja ya Atlantic anali amene matupi awo ankasunga mchere, ndipo zidzukulu zawo zinatengera. Ganizoli linafala kwambiri chifukwa limamveka bwino m'makutu, koma katswiri wa mbiri ya ukapolo Philip Curtin analitsutsa mu 1992, ndipo umboni wa majini wolichirikiza sunapezeke.

Umboni wamphamvu ukuloza kwina. Mu 1929 dokotala C. P. Donnison analemba kuti anayeza amuna 1,000 a kumidzi ya kumadzulo kwa Kenya, ndipo BP yawo sinkakwera ndi ukalamba monga zinkachitikira ku Ulaya. Patapita zaka zoposa 50, Neil Poulter ndi anzake anatsatira anthu a mtundu wa Luo amene ankasamuka kumudzi kupita ku Nairobi. BP yawo inakwera pasanathe miyezi yambiri chifikireni, pamodzi ndi kulemera kwa thupi ndi mchere wotuluka m'mkodzo. Richard Cooper wa ku Chicago anayeza, ndi njira imodzi, anthu amene makolo awo anachokera ku West Africa, ndipo mu 1997 anapeza kuti odwala BP anali 16 pa 100 ku Nigeria ndi Cameroon, 26 pa 100 ku Jamaica, Barbados ndi St Lucia, ndi 33 pa 100 ku Maywood, pafupi ndi Chicago. Mu 2005 anaonetsanso kuti Ajeremani anali ndi BP kuposa anthu akuda a ku America. Kafukufuku wa RODAM, wotsogoleredwa ndi Charles Agyemang, anachita chimodzimodzi ndi anthu a ku Ghana: akazi onenepa kwambiri anali pafupifupi 8 pa 100 m'midzi ya ku Ghana, koma oposa theka mwa akazi a ku Ghana okhala ku London.

Zofananazo zinaoneka kwa mitundu ina. Amuna a ku Japan amene anatsala kwawo anali ndi matenda ochepa a mitsempha ya mtima. Amene anasamukira ku Honolulu anali ndi ochulukirapo. A ku San Francisco anaposa onse. Anthu a mtundu wa Pima okhala ku Arizona ali m'gulu la odwala shuga kwambiri padziko lapansi, 38 pa 100, pamene abale awo olima m'mapiri a Sonora ku Mexico anapezeka ndi 7 pa 100. Ku North Karelia m'dziko la Finland, kumene amuna ankafa ndi mtima kuposa pafupifupi kwina kulikonse, ntchito yochepetsa batala, mchere ndi fodya inayamba mu 1972, ndipo imfa za mtima mwa amuna a msinkhu wogwira ntchito zinatsika ndi 80 peresenti kapena kuposa. Majini sasintha m'mbadwo umodzi.

Izi sizikutanthauza kuti zobadwa nazo zilibe mbali. Anthu akuda ambiri odwala BP amakhala ndi renin wochepa m'magazi, ndipo impso zawo zimagwira mchere, moti BP imakwera akadya mchere wambiri ndi kutsika msanga akauchepetsa. Malire a WHO ndi magalamu 5 pa tsiku, osakwana kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikizapo mchere wobisika m'buledi, m'nsomba zouma ndi m'timabuloko tokometsera ndiwo. Anthu akuda kawirikawiri amakhalanso ndi mafuta ochepa ozungulira ziwalo za m'mimba ndi mafuta abwino ochulukirapo m'magazi, ndipo izi zimafotokozako chifukwa chake ku Britain mitsempha ya mtima imawatsekeka mocheperapo. Koma chikhulupiriro chakale cha madokotala a nthawi ya atsamunda, choti munthu wa ku Africa satsekeka mitsempha ya mtima, sichingadaliridwe lero. Kumene fodya, shuga ndi mimba zachuluka, matendawo nawo afika.

Pali majini angapo odziwika bwino. Mu 2010 anapezeka masinthidwe awiri a jini ya APOL1 amene amateteza munthu ku matenda a kaodzera ofalitsidwa ndi kashembe, a mtundu womwewo wopezeka ku Nkhotakota ndi Rumphi. Wolandira masinthidwewa kwa makolo onse awiri amakhala pachiopsezo chachikulu cha matenda a impso, ndipo impso zikadwala mtima nawo sukhala pamtendere. Anthu akuda a ku America pafupifupi 13 pa 100 ali otero. Masinthidwewa ndi ochuluka ku West Africa, ochepa kum'mawa kwa Africa, ndipo ku Ethiopia sapezeka pafupifupi konse. Kusintha kwina, kwa jini ya transthyretin, kuli mwa anthu akuda a ku America atatu kapena anayi pa 100, ndipo kumalimbitsa mnofu wa mtima paukalamba. Kwina n'kothandiza: Helen Hobbs ndi Jonathan Cohen a ku Dallas anapeza kuti anthu akuda awiri kapena atatu pa 100 ali ndi jini ya PCSK9 yosagwira ntchito, kolesitolo wawo ndi wotsika chibadwire, ndipo matenda a mitsempha ya mtima anali ochepa ndi 88 peresenti. Kuchokera pamenepo anapanga mankhwala atsopano otsitsa kolesitolo amene anavomerezedwa mu 2015. Azungu nawo ali ndi zawo. Mwa Mabunu a ku South Africa, pafupifupi mmodzi pa 100 alionse amabadwa ndi kolesitolo wokwera kwambiri, chifukwa anachokera mwa mabanja ochepa amene anafika ku Cape ndi kukwatirana okhaokha kwa mibadwo yambiri.

Chofunika kuona n'chakuti jini iliyonse mwa izi ili mwa anthu ochepa a m'gululo, ndipo khungu silinena amene ali nayo. Africa ndiye kontinenti ya majini osiyanasiyana kuposa kwina konse, popeza anthu akhalako nthawi yaitali kuposa kulikonse. Mchewa, Myoruba ndi Msomali amalembedwa m'bokosi limodzi pa fomu ya kuchipatala ku Ulaya, koma akhoza kusiyana majini kuposa mmene Mfalansa amasiyanira ndi Mtchaina.

Pa nkhani ya mankhwala, kusiyanaku kuli ndi ntchito yeniyeni. Mankhwala a BP a gulu la enalapril ndi lisinopril, akamwedwa okha, amatsitsa BP pang'ono mwa anthu akuda ambiri, ndipo amawatupitsa milomo ndi lilime kawirikawiri kuposa azungu. N'chifukwa chake ku Britain amalangiza kuyamba ndi amlodipine kwa munthu wakuda amene alibe shuga. Kafukufuku wa CREOLE, wotsogoleredwa ndi Dike Ojji wa ku Abuja ndi kufalitsidwa mu 2019, anayesa odwala 728 ku Cameroon, Kenya, Mozambique, Nigeria, South Africa ndi Uganda, ndipo anapeza kuti mapiritsi awiri ophatikizapo amlodipine amatsitsa BP bwino kuposa perindopril wophatikiza ndi hydrochlorothiazide. Kwa anthu a ku East Asia, rosuvastatin amayambidwa pa mlingo wochepa chifukwa amachulukana m'magazi mwawo. Koma nkhani ya BiDil ndi chenjezo. Mu 2005 boma la America linavomereza mankhwalawa kuti azipatsidwa kwa anthu akuda ofooka mtima, koyamba m'mbiri kuti mankhwala alembedwe za mtundu umodzi. Anathandizadi, imfa zinatsika ndi 43 peresenti mwa odwala 1,050 amene anayesedwa. Chovuta n'chakuti onse 1,050 anali akuda, moti kafukufukuyo sakanaonetsa kuti ena sangathandizidwe. Komanso piritsilo linali kuphatikiza kwa mankhwala awiri akale otchipa, amene anayamba kugulitsidwa pa mtengo wokwera.

Mbali ina yaikulu ya kusiyana ilibe chochita ndi thupi. Kuwonongeka kwa tizitseko ta mumtima kunali kofala ku Ulaya ndi ku America zaka 100 zapitazo, ndipo kunachepa kwambiri pamene nyumba zinasiya kupanikizana ndi penisilini atafika. Lero kuli mwa ana a ku Africa, a ku South Asia, a Aaborijini ku Australia ndi a Amaori ku New Zealand, mitundu yosagwirizana magazi konse koma yofanana pa umphawi ndi kutalikira chipatala. Ku Los Angeles, Ronald Victor anaganiza zotsata amuna akuda kumene amapita mwezi ndi mwezi mosakakamizidwa, kwa ometa tsitsi. M'malo ometera 52 anayeza BP ya makasitomala. M'malo ena wometa ankangolimbikitsa munthu kuti akaonane ndi dokotala, m'malo ena katswiri wa mankhwala ankabwera komweko, kuyeza, kulemba mankhwala ndi kusintha mlingo munthu akudikira mpando. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, nambala yapamwamba ya BP inatsika ndi 27 m'gulu lachiwirili, ndi 9 m'gulu loyamba. BP yomwe ankati ndi yovuta kutsitsa mwa anthu akuda inatsika ndi mapiritsi omwe analipo kale.

Chifukwa cha zonsezi, mayiko sagwirizana ngati mtundu wa munthu uyenera kulowa m'masamu olosera chiopsezo. Ku Britain, chowerengera cha QRISK chimafunsa mtundu kuyambira mu 2008, pa chifukwa chomveka: kusafunsa kungachititse kuti Mbangladeshi wazaka 45 auzidwe kuti ali bwino pamene sali bwino. Ku America apita njira ina. Mu 2021 anachotsa mtundu m'masamu oyezera mphamvu ya impso, ataona kuti ankachititsa impso za anthu akuda kuoneka zabwino kuposa mmene zinalili, odwala n'kumachedwa kulandira chithandizo. Mu 2023 bungwe la American Heart Association linatulutsa chowerengera cha PREVENT, chosafunsa mtundu koma chololeza kuika mmene umphawi ulili kudera limene munthu amakhala. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Mtundu ndi chizindikiro chongothandiza dokotala kudziwa koyambira kufufuza, ndipo pamene chinthu chenichenicho chingayezedwe, kaya BP, shuga, chiuno kapena mbiri ya matenda m'banja, muyezowo ndiwo uyenera kulamula.

Ku Malawi, kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo oposa 90 pa 100 mwa iwo sankadziwa. Bungwe la MEIRU litayeza anthu pafupifupi 29,000 ku Karonga ndi ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe pakati pa 2013 ndi 2016, kusiyana kwakukulu kunali kwa tauni ndi mudzi, ndiponso kwa amayi ndi abambo: amayi onenepa anali 44 pa 100 m'tauni ndi 27 pa 100 kumudzi, pamene abambo anali 18 ndi 9. Malire a chiuno amene zipatala za kum'mwera kwa Sahara zimagwiritsa ntchito ndi obwereka kwa azungu a ku Ulaya, ndipo ntchito yopeza miyezo yochokera mwa anthu a mu Africa momwemo inayambika kudzera m'mapulogalamu monga H3Africa. Gawo lake lina, lotchedwa AWI-Gen, linayeza anthu oposa 10,000 a zaka 40 mpaka 60 ku Burkina Faso, Ghana, Kenya ndi South Africa ndi njira imodzi, ndipo odwala BP anapezeka 15 pa 100 ku Nanoro, kumidzi ya Burkina Faso, ndi 54 pa 100 ku Soweto.